Lolani

Tebulo langa lili pa Kapata, kuseri kwa ogulitsa salaula,
pansi pa lata limodzi lobowoka.
Ndimakonza mafoni.
Mkazi wanga amati ndimanunkha mtovu ngakhale nditasamba.

Lachitatu kunabwera Amai Zelipa Shawa a ku Mchini,
foni atayimanga pansonga ya chitenje ngati mankhwala.
Galasi silinasweke. Batire linali lamoyo.
Anati, "Mwanawe, muli chinthu m'menemu. Chichotse."

Chinthucho anachiika okha mu Novembala,
mvula itagwa, feteleza asanaoneke:
kapulogalamu kobiriwira kokongoza ndalama,
kopanda ofesi, kopanda mlonda pakhomo,
kopanda nkhope yoti uichitire manyazi.
Makwacha mazana anayi m'mphindi zisanu.
Kanangopempha mwaulemu:
Lolani tione mayina a anzanu.
Lolani tione zithunzi.
Lolani tidziwe pamene mwaima.
M'munsi munali Chingerezi chaching'ono,
mdipiti wa nyerere wosaoneka kothera.
Amai Shawa anadina. Inenso ndimadina.
Ndani pamsika pano anawerengapo mpaka pansi?

Anachedwa masiku asanu ndi anayi.
Lakhumi, tambala asanatsike mumtengo,
uthenga unanyamuka wokha
kunka kwa anthu mazana awiri ndi khumi ndi atatu:
chithunzi chawo cha pa ubatizo wa mdzukulu,
pamphumi atalembapo MBALA.
Unafika kwa abusa. Kwa apongozi ku Chadiza.
Kwa mnyamata wa njinga amene amawanyamulira tomato.
Kwa aphunzitsi a chitsiriza wawo.
Lamlungu kukwayala palibe anawayang'ana,
aliyense anali ndi nyimbo yofunafuna m'buku.

Ndinakafufuta. Ndi ntchito ya chala chimodzi.
Koma sindinawanamize.
"Mayina aja sali muno, amai. Anawoloka kale.
Ali m'makina, m'chinyumba chozizira,
kudziko kumene inu ndi ine sitidzapondako."
"Nanga ndikadandaule kwa yani?"
Ndinamva pa wailesi kuti lamulo lilipo
loteteza za m'thumba la munthu ndi za mumtima mwake.
Lilipo ndithu, ku Lusaka.
Basi yopita ndi kubwera iposa ngongole yonseyo.

Sananyamuke.
Anakhala pa benchi langa la miyendo itatu ndi njerwa,
akuyang'ana magalasi osweka m'chitini.
"Pali nambala ina," anatero.
Ya malemu amuna awo, a Fakisoni.
Zaka zinayi, osaifufuta.
Kampani inaigulitsa kalekale kwa munthu wina,
koma kapulogalamu sikadziwa manda,
kanatumiza kumenekonso.

Usiku womwewo foni inalira pamphasa,
pagalasi pakuwala: Atate a Misozi.
Akuti miyendo inawathera atagona kale.
Inalira kachiwiri. Anayankha.
Anali mtsikana, lilime la ku Petauke:
"Mama, sindikudziwani, koma ndakuonani.
Inenso anandipachika chotere mu Juni.
Anthu amaiwala. Idyani, mugone."
Anacheza mpaka ndalama za mtsikanayo zinatha.

Apa Amai Shawa anaseka pang'ono,
napukuta mphuno ndi nsonga yomwe ija ya chitenje.
"Mwa anthu mazana awiri,
anandiimbira ndi mwamuna wanga yekha."

Sindinawalipiritse.
Anasiya tomato atatu pambali pa zomangira zanga,
limodzi lophwanyika pang'ono.

Atapita ndinatsegula foni yanga
kuwerenga zimene ndinalola ine katswiri.
Tochi imadziwa kumene ndimagona.
Kamasewera ka mwana wanga kali ndi makutu.
Ndinafika pa makumi atatu ndi chimodzi
pamene mnyamata wa yunifomu anaima patsogolo panga,
foni yatsopano ikadali ndi pulasitiki yake:
"Bosi, ndiikireniko kaja kopatsa ndalama msanga."

Kumwamba kwa Kanjala mvula inali kudetsa.
Ndinamukokera benchi.
"Khala kaye. Samala, mwendo umodzi ndi njerwa."