Madzi Owira ku El Alto

Buku linati madzi amawira pa madigiri handiredi.
Nayra anaviika choyezera kutentha m'ketulo,
nthunzi ikumuphimba magalasi,
nawerenga kawiri: eyite seveni.

"Aphunzitsi, buku lanama."

Kalasi yonse inangoti zii.
A Huallpa yankho anali nalo pakamwa,
lakupsa kale, la zaka makumi awiri,
koma analimeza ngati mbatata yamoto
nangofunsa: "Walakwa ndani,
buku, ketulo, kapena iwe?"

Anyamata akumbuyo anati choyezeracho n'chakufa.
Anakabwereka china kusukulu ya patsidya pa msewu.
Eyite seveni.
Anathira mchere. Anasintha mbaula.
Wilmer anapsa chala, osalira.

Lachitatu linatha choncho, Lachinayi lomwe.
Mayeso ali pafupi, ahedi anasuzumira pakhomo
n'kupeza mwini kalasi atakhala pabenchi ya ana,
choko chili m'thumba, manja ali lende.

Ndiye kamtsikana kosalankhulalankhula kaja, Sisa,
kanati azakhali ake kuchigwa, ku Santa Cruz,
nyemba zawo sizichedwa pamoto.
"Kuno tili pamwamba," kanatero,
maso ali pa phiri la Illimani pazenera.
"Mwina mpweya wakuno ndi wopepuka,
sukanikiza madzi."

Palibe anawomba m'manja.
A Huallpa anadzuka, mawondo akulira,
napereka choko chija
chitafunda kale m'thumba mwawo.

"Tionetse," anatero.
"Ukatha, wina atiuze
tingaziyese bwanji zimenezi
popanda kutsika phiri."