Ndowa ya Penti

Inali ya penti ndowa iyi,
m'milomo mwake mukadali mobiriwira.
Lero imasunga mipira isanu ndi umodzi ya besibo,
magolovesi atatu, limodzi lamanzere,
ndi singano yosokera zong'ambika.

Loweruka ndimaimanga panjinga
kuchoka pa Kaphatenga mpaka kubwalo la sukulu,
ikugogoda kumbuyo
ngati mwana wofuna kutsika.

Ndikaivundikira, ndi mpando.
Ndimakhalapo, mawondo m'chibwano,
kuwerenga mipira imene Twaibu waphonya.

Dzana Asiyatu, wamng'ono pa onse,
anamenya mpira
mpaka m'chinangwa cha a Mtambalika.
Tinafunafuna, dzuwa la Salima likutiwotcha pamsana.
Osaupeza.

Pobwerera ndowa inapepukako.
Ine ndinkangoseka ndekha
njira yonse.