Chigwa m'Beseni

Ndaziona, taya madziwo, undibwereke beseni la amayi ako.
Liike apa pakhonde, pomwe dzuwa la ku Kawale latsalira.
Wandifunsa katatu zomwe ndinakaona,
ndipo pakamwa pokha sipakukwanira.

Mkombero uwu ndi milomo ya phiri.
Akuti kalekale linali lalitali, lamoto m'mimba,
linalavula, linalavula, mpaka linadzimeza lokha
n'kusiya mbale.
Ine ndinaima apa, pa mng'alu tinamata ndi pulasitiki uja,
jekete ya bwana Mwalwanda ili pamkono,
nkhungu ikundinyambita m'makutu.

Ntchito yanga inathera pachipata.
Masiku atatu pamsewu, Kasungu, Mzuzu, Karonga, kuwoloka Songwe,
kenako: udikire pano Jailosi, tikupeza madzulo.
Koma madamu anadzuka mutu ukuwawa
ndipo mpando unali wolipiridwa kale.
Ndalama ya bwana sipita pachabe.
Kwera, anatero.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pachiwongolero,
tsiku limenelo ndinakhala kumbuyo.
Manja anasowa pogwira.
Potsetsereka phazi langa linkaponda buleki yomwe panalibe,
mnyamata woyendetsa, Lomayani, akundiseka pagalasi.

Bweretsa zitsekerero za mabotolo umasewera nazo zija.
Mwaza pansi pa beseni. Onjeza.
Izi ndi nyumbu, zosawerengeka, mitu pansi
ngati anthu osankha kaunjika pamsika wa Tsoka.
Mbidzi zili pakati pawo, sizinatilabadire n'komwe.
Khala lamakala ili ndi njati.
Iyoyo inatiyang'ana, ngati wapolisi wa pa rodibuloko
amene wapeza kale cholakwa.

Mkango unabwera kudzagona mumthunzi wa galimoto yathu.
Ndinaona nthiti zikukwera, zikutsika,
ntchentche zitaunjikana pa bala la pamphuno,
fungo lake ngati chikopa chonyowa choiwalidwa m'thumba.
Bwana ankajambula.
Yanga foni inali itazima,
choncho ndinangoyang'ana
mpaka maso analengeza misozi.

Chipembere? Usaikepo kanthu.
Lomayani analoza kadontho kutali, kuseri kwa thamanda lamchere,
a m'galimoto ina anaomba m'manja.
Mwina chinali chipembere, mwina chulu.
Sindingakunamize, mwana wanga.

Chomwe sindinauze bwana ndi ichi.
Masana injini itazimitsidwa
ndinamva udzu ukubudulidwa ndi mano ambirimbiri,
kaphokoso ngati mvula ikamayamba pamalata a kwa aneba
isanafike kwathu.
Khoma litatizinga mbali zonse,
ndinaganiza za moto wa pansi pa matayala, wogona kaya wakufa,
ndi msipu womera pamwamba pake osapempha.
Ndinakumbuka bambo anga,
omwe mawu awo ankatithamangitsira kuseri kwa nkhokwe,
momwe anafatsira pomaliza,
iwe ukuwakoka ndevu, iwo phee.

Ukufunsa ngati zimatulukamo.
Lomayani akuti njovu zina zimakwera usiku, njira zikuzidziwa.
Zambiri zimabadwira momwemo,
madzi alipo, udzu ulipo,
mkango nawo ulipo,
ndiye zimangokhala.

Madzulo tinakwera khoma lija pa giya yoyamba.
Pachipata ndinalandiranso makiyi anga,
madamu anandifunsa ngati kunali kokongola,
ndinati eya, madamu,
n'kuwatsegulira chitseko.

Amayi ako akuitana, akufuna kuviika yunifomu yako.
Tola nyumbu zako, bweza njati ku mbaula.
Mawa faifi koloko ndikhale nditafika ku Eriya 43,
galimoto itatsukidwa, fumbi lofiira la kutali lija litachoka.
Pang'ono ndasunga m'kabotolo ka mankhwala, usakauze munthu.

Dikira kaye, usalinyamule.
Taona nyerere iyo yayamba kukwera khoma,
yaterereka, yayambanso.
Tiyeni tione ngati ifike pamlomo
magetsi asanazime.