Kumbuyo kwa Diresi

Lachiwiri masana tikiti imatsika mtengo,
ndiye ndabwera, ine Odile Carrère, ndi ndodo yanga,
kudzakhala mzere wachitatu m'kanyumba ka kanema
kuseri kwa msika wa Mouffetard.
Tilimo asanu ndi awiri. Wina wayamba kale mkonono.

Magetsi azima.
Uyo akutsika masitepe, Séraphine,
chiphadzuwa chimene nduna zinkalimbirana,
chimene kumwetulira kwake kunadya minda itatu ya mphesa
ndi nyumba ya mkulu wa asilikali.
Ophunzira awiri kutsogoloku
akunong'onezana za kuwala ndi mthunzi.
Ine maso ali pa mpendero.

Ndinaupinda ndine.
Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
mapini kukamwa, mawondo pa simenti yozizira ya ku Joinville,
nkhondo itangotha, silika akusowa ngati shuga.
Diresi mwaliyasamira kukamwalo
linali makatani a hotela imene bomba linaisasula denga.
Kutsogolo ngale, mabatani makumi anayi.
Kumbuyo nsalu inaperewera.
Tinangolumikiza ndi zingwe ndi katoni
n'kumuuza Léonie, wosewerayo: usatembenuke.
Penyetsetsani, ola lathunthu ndi theka
mkazi ameneyu sapatsa munthu msana.
A nyuzipepala anati ndi ulemu wachifumu.

Tsiku la gule wamkuluyo anali ndi chimfine.
Kamera ikapuma ankabisa mapazi m'bulangete
akutafuna buledi ndi anyezi,
kenako dzambatu, kukapsompsona mwana wa mfumu.
Misozi mukuiona m'maso mwa mnyamatayo
musaiyese ya chikondi.

Mayi Berthe, amene ankasita makolala,
ankati azakhali awo anamudziwa mwini nkhaniyi.
Akuti sanafe ali namwali pa bedi la maluwa ayi.
Anakalamba. Mano anagweluka.
Ankakhala m'kachipinda ka pamwamba, pansi pa denga penipeni,
akugulitsa mphete imodziimodzi,
kenako masipuni, kenako galasi lodziyang'anira,
pomaliza tsitsi.
Aja ankagona pakhomo pake ndi ngolo za akavalo
akakumana naye pamlatho
ankapeza chochita ndi mawotchi awo.
Anasiya mphaka ndi ngongole ya malasha.
Ndani angalipire tikiti kuti aone zimenezo?
anafunsa Berthe, akulavulira simbi kuti amve ngati yatentha.

Tsopano wafika poti afe.
Makandulo, zeze akulira chapansipansi,
dzanja loyera likulendewera m'mbali mwa bedi.
Dona wa kumanzere kwanga akufufuza mpango m'chikwama.
Sadziwa kuti pansi pa bedilo muli ine,
chagada, fumbi m'mphuno,
nditagwira zingwe kuti chovala chisamasuke
pamene iye akupereka mpweya wotsiriza
kachisanu ndi chitatu,
poti bwana sanakhutire ndi kafedwe koyamba.
Ndinaluma mlomo kuti ndisayetsemule.
Imfa yokongola chonchi inatsala pang'ono
kuonongedwa ndi mphuno ya telala.

Léonie anapita kale.
Ndinamva pa wailesi ndikusenda mbatata,
ndipo anaonetsa chithunzi chomwechi, cha pa masitepe,
ngati kuti zaka makumi asanu zinazo sanakhaleko.

Mayina akukwera pa chinsalu.
Wojambula, woimba, ngakhale mwini akavalo.
Langa ndinaleka kale kulidikira,
komabe ndimakhala mpaka lomaliza,
mwina chizolowezi, mwina mawondo.

Panja mvula ikuwaza.
Mnyamata wong'amba matikiti wanditsegulira chitseko
n'kunditsatira masitepe awiri:
Mayi, chikhoto chanu chasosoka kumbuyo.

Ndikudziwa, mwanawe.
Unayenera kundiyang'ana kutsogolo.