Mosapsatira

Ndakhala pabenchi pano kuyambira m'bandakucha,
tepi yoyezera ikadali m'khosi.
Kuseri kwa chitseko chobiriwiracho
Sakina akubuula,
mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Yunifolomu yake ndinaisoka ndekha.

Musati sindinkamulangiza.
Ndinkati, "Mwanawe, mu Shire muli ng'ona."
Iye anasiya kukachapa kumtsinje.
Ndinkati, "Moto sasewera nawo,"
iye n'kumanyamula mbaula ndi kansanza.
Anamvera zonse, liwu ndi liwu.

Koma ng'onayo sinali m'madzi.
Inali ndi njinga yamoto yofiira,
inkaima patsinde pa mlambe, njira ya ku Mpondasi,
inkagula tchipisi ndi mayunitsi.
Ine sindinatchulepo njinga.
Sindinatchulepo mimba.
Liwu loti kugonana linkandiwotcha lilime,
ndiye ndinkalipindira mkati
ngati mpendero wa siketi,
ulusi osaoneka.

Amayi ake ankati anankungwi anena.
Anankungwi ankati zotsalazo n'za kusukulu.
Aphunzitsi anadumpha tsambalo,
ati silibwera pamayeso.
Tonse tinatuluka nkhope zili zoyera,
iye yekha ndiye ali pabedi apo.

Namwino wadutsa kawiri osandiyang'ana.

Twaibu wafika ndi fulasiki ya tiyi,
mawu ayamba kale besi,
tindevu tiwiri titatu pachibwano.
Khala apa, iwe.
Lero sindikuphera mwambi.
Ukagona ndi mtsikana atha kutenga mimba,
ngakhale kamodzi kokha,
ngakhale anzako akunamize kuti koyamba siigwira.
Matenda salembedwa pamphumi.
Akati ayi, ndiye kuti ayi,
kaya unamugulira chiyani.
Wamkulu akakupatsa ndalama
n'kunena kuti usakaulule kwanu,
bwera undiuze tsiku lomwelo.
Sindikakumenya.

Mnyamata akuwerenga zala zake zakumapazi.
Manyazi atigwira tonse awiri,
thukuta lanyowetsa kolala,
mayi wina pambalipa wasuntha n'kukoka mpango.
Koma palibe amene wafa nazo.

Patapita kanthawi wakweza maso,
wafunsa chapansipansi
funso lomwe mlongo wake
anasowa koti akalitule.

Ndisanatsegule pakamwa,
mkatimo khanda lalira.
Ilo ndiye silidziwa kuzungulira:
labwera, ndipo likunena.

Ndapukuta manja m'thalauza,
ndatembenukira kwa Twaibu.
Tiyi akuzizira.
Ndikumuyankha.