Thanki Yosadzaza

Ku Trondheim mdima umagwa tisanaweruke.
Ndatsala ndekha m'chipinda choyesera,
ine ndi thanki yagalasi
yokhala pa miyendo isanu ndi umodzi yachitsulo.
Madzi ake tinawathira utoto wobiriwira
kuti kamera iziwaona.

Ndadina batani. Miyendo yayamba kunjanja.
Madzi apita kumanzere, abwerera,
apitanso, ngati alibe nazo ntchito.
Koma kugwedeza kukangogwirizana ndi mtima wawo
amadzuka, kupinda msana,
phwaa! kumenya denga.

Pa kompyuta ndili ndi madzi ena,
timadontho mamiliyoni awiri tosanyowetsa chala,
kalikonse kodziwa anansi ake okha.
Amenewa amatsanzira enieni bwinobwino
mpaka sekondi yachisanu ndi chitatu.
Kupyola apo, ayi ndithu, asiyana njira.
Eivind akuti vuto ndi kampweya
kotsekeredwa pakati pa funde ndi khoma,
koti masamu anga sanakawerengere.
Mwina akunena zoona. Wapita kukatenga ana.

Bambo anga, a Oddvar, ankayendetsa lole ya mkaka
m'misewu yokhotakhota ya ku Oppdal.
Ankati: yodzaza ndendende ilibe mlandu,
yopanda kanthu ilibe mlandu,
uziopa ya theka.
Tsiku lina pa kona anaponda buleki.
Lole inamva.
Mkaka sunamve.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Ananditengera pamalopo mawa lake
ndipo sindinaone kanthu:
choyera chinatayikira pa choyera,
mkaka pa chipale,
panalibe wodziwa pothera chimodzi, poyambira chinzake.
Bambo anachira, koma mwendo unafupika,
mpaka imfa ankayenda chopendekera
ngati m'kati mwawo muli kanthu kosakhazikika.

Mawa ndiika chotchinga pakati pa thanki,
chitsulo cha mabowo makumi anayi,
funde lidzathyoke lisanakule.
Ndasintha manambala, ndauza makina awerenge usiku wonse;
maola khumi ndi atatu
kuti andipatse masekondi makumi awiri.

Ndazimitsa mota.
Miyendo yaima nji, chipinda chati zii,
koma madzi sanauzidwe.
Akupitabe, akubwerabe, akunyambita galasi,
kuchepa, kuchepa,
osafika pa kutha.

Ndatsika masitepe ndi khofi wotsala theka m'kapu.
Pa sitepe yachitatu
wandipsereza chala.