Nsanjika Yachinayi

Masitepe alipo makumi asanu ndi limodzi,
chikepe mulibe m'nyumba muno.
Ndinawawerenga tsiku lomwe anyamata a ambulansi
anakweza bambo pampando, ali wefuwefu,
bambo akuwalamula ngati akadali pantchito
yoyendetsa tramu, sitima ya m'misewu ya Łódź.

Dokotala sanazungulire:
masabata atatu, mwina anayi.
Bedi lilipo kunyumba yosamalira odwala mwakayakaya,
zenera loyang'ana kumitengo, anamwino usiku wonse.
Bambo anafunsa chimodzi chokha:
"Tramu imadutsa kumeneko?"
Sidutsa.
"Ndiye ndibwezereni kwathu."

Leszek amaimba kuchokera ku Hamburg madzulo aliwonse.
"Halina, ululu ukakula udzatani?
Ndiwe mphunzitsi wa masamu, si namwino."
Amanena zoona, n'chifukwa chake ndimamudulira foni.
Akuti wakutsina khutu ndi mnansi,
koma langa latupa.

Mayi anatisiya m'chipatala,
kuseri kwa katani yobiriwira, m'bandakucha,
ife tili mtulo kunyumba.
Tinakalandira magalasi awo m'thumba la pepala.
Bambo sanaitchulepo nkhaniyi.
Ili pakati pathu ngati tebulo.

Mayi Danuta amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu.
Andiphunzitsa kuwerenga madontho a mofini,
kutembenuza munthu osamupweteka,
kunyowetsa milomo ndi thonje.
Dzulo ndinalira m'bafa, mpope ndili chitsegulire.
Ndinalilakalaka bedi lija loyang'ana kumitengo.
Ndinafuna kugona, basi, kugona.

Makoma a nyumba zino ndi opyapyala.
"Ukatopa, mwanawe, uwaimbire adzanditenge.
Sindidzapita ndi kanthu kukhosi."
Ndinati sindinatope.
Bodzalo tinaligawana pakati, aliyense n'kumeza lake.
Nambala ili pachitseko cha firiji.
Sindinaichotse. Sindinaiimbe.

Kunja chipale chofewa chikugwa mwakachetechete.
Kusanache, tramu yoyamba imalira pokhota pangodya,
chitsulo kukukuta chitsulo chinzake,
makapu m'kabati n'kumagundana mano.
Bambo amatsegula diso limodzi:
"Wachedwa kumanga mabuleki. Ngwatsopano ameneyo."
Kenaka amabwerera kutulo,
dzanja lili pabulangete,
zala zikukoka pang'onopang'ono
chogwirira chimene palibe.

Ine ndimakhala pampando, tiyi atazizira,
kudikira yachiwiri.